“Amalume, magazi anga apita kuti?” Phunziro la maselo pakhonde la ku Nkhotakota

Mwana wa achemwali anga ali mu Sitandade 6 pasukulu ina yoyandikana ndi nyanja kuno ku Nkhotakota. Dzinja lathali anadwala malungo, ndipo titapita naye kuchipatala namwino anamuyang'ana m'zikhatho ndi m'kati mwa zikope, kenako anati magazi achepa. Tili m'njira yobwerera, iye ali pambuyo pa kabaza ine ndikuyenda pambali, anandiponyera funso.

“Amalume, magazi anga apita kuti? Inetu sindinachekedwe paliponse.”

Ndinayankha zimene ambirife timayankha: “Malungo amamaliza magazi.” Iye anangoti, “Amamwa?” Ndinaseka, koma kunena zoona yankho ndinalibe. Ndinafika Folomu 4, ndinalemba Biology, chithunzi cha selo ndinajambulapo kangapo m'kope, koma tsiku limenelo ndinalephera kufotokozera mwana wa zaka 11 zimene zinkachitika m'thupi mwake.

Yankho la funso lakelo lili m'kanthu kakang'ono kotchedwa selo. Ndipo ndazindikira kuti mwana wa kunyanja sayenera kudikira sekondale kapena labotale kuti akadziwe selo. Zipangizo zake zili kale pakhomo: nsomba, anyezi, chinangwa, mchere, ndi foni imene mukuwerengera nkhani inoyi.

Vuto si mutu wa mwana

Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza. Mphunzitsi mmodzi amayang'anizana ndi khamu la ana, ena atakhala pansi, buku limodzi akuwerenga angapo. Kuyambira Sitandade 5 sayansi imaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndiye mwana amalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: chilankhulo chachilendo ndi nkhani yachilendo. Maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, m'sukulu zambiri zapulayimale mulibe. Nkhani ya maselo imadzafotokozedwa mokwanira ku sekondale, kumene si ana onse amafikako.

Zotsatira zake timazidziwa. Mwana amaloweza ziganizo kuti akhoze mayeso a MANEB, koma mumtima mwake sakhulupirira kuti pali zamoyo zimene maso sangazione. Akakula, ukamuuza kuti madzi oyera mbee a m'nyanja akhoza kukhala ndi tizilombo ta kolera, amakuyang'ana ngati ukunena nthano. Aphunzitsi akuchita mbali yawo movutikira. Mbali inayo ingathe kuchitidwa ndi ife achimwene, achemwali, amalume ndi azakhali, madzulo pakhonde.

Yambani ndi selo looneka ndi maso

Ambiri timaganiza kuti maselo onse ndi osaoneka. Ayi ndithu. Tsiku lina agogo ake a mwanayu ankatumbula chambo chimene tinagula kudoko, ndipo m'mimba mwake munali mazira achikasu. Ndinamuitana.

“Tenga limodzi, uliike pachala.”

Atalitenga ndinamuuza kuti dzira limodzi la nsomba, lisanakumane ndi mbewu ya yaimuna, ndi selo limodzi. Likakumana nayo limayamba kugawikana: limodzi kukhala awiri, awiri kukhala anayi, anayi kukhala asanu ndi atatu, mpakana kutuluka kansomba kokhala ndi maso, mchira ndi mtima. Chambo chachikazi chimasunga mazira amenewa m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana timathawiranso momwemo tikaona choopsa. Apa mwana amamvetsa yekha chifukwa chake boma limaletsa makoka ena chakumapeto kwa chaka, nthawi imene chambo chimaswana. Ukagwira mayi mmodzi ali ndi mazira m'kamwa, wagwira nsomba zambirimbiri za chaka chamawa.

Chikasu cha dzira la nkhuku nachonso ndi selo limodzi lodzaza ndi chakudya cha mwanapiye. Ulusi umodzi wa thonje, uja umatuluka pambewu yake, ndi selo limodzi lotalika. Kenako muuzeni mwanayo chinthu chimene chimadabwitsa aliyense: nayenso anayamba ngati selo limodzi, laling'ono ngati kadontho ka cholembera papepala. Lero thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thililiyoni, onse ochokera ku limodzi lija.

Njerwa, khoma, chipinda, nyumba

Fanizo losavuta ndi la nyumba. Njerwa zambiri zimapanga khoma, makoma amapanga chipinda, zipinda zimapanga nyumba. Chimodzimodzi maselo ofanana akasonkhana amapanga mnofu, minofu yosiyanasiyana imapanga chiwalo monga mtima kapena chiwindi, ndipo ziwalo zikamagwirira ntchito pamodzi ndiye thupi.

Nsomba ili m'mbale ija ndi buku lokwanira. Musonyezeni mnofu woyera wa m'mbali umene nsomba imasambirira, chiwindi, matumbo, kathumba ka mpweya kamene kamaithandiza kuyandama, ndi tiziwalo tofiira ta m'mbali mwa mutu timene imapumira. Mufunseni chifukwa chake timeneti ndi tofiira kwambiri. Yankho ndi lakuti mumadutsa magazi ambiri okatenga mpweya m'madzi.

Koma fanizo la njerwa lili ndi malire, ndipo mwana wochenjera akugwirani. Njerwa siidya, siipuma, siibereka inzake. Selo limachita zonsezi. Lili ndi kachikopa kopyapyala kamene kamasankha zolowa ndi zotuluka, ngati mlonda pageti. M'kati muli timadzi momwe ntchito zimachitikira. Pakati pali nyukiliyasi, mosungira malangizo otchedwa DNA, amene amachititsa kuti mwana wa chambo akhale chambo osati kampango, ndiponso kuti iwe ufanane mphuno ndi agogo ako.

Maselo a zomera ali ndi chinthu china chowonjezera: khoma lolimba kunja kwa kachikopa kaja. Mpatseni mwana nzimbe ya ku Dwangwa atafune. Madzi otsekemerawo anali m'kati mwa maselo, mano aphwanya maselowo, ndipo zotsalira zimene akulavulazo kwakukulu ndi makoma ake. M'masamba a mpunga wa m'madambo a Bua muli maselo okhala ndi timatumba tobiriwira timene timagwiritsa ntchito dzuwa, madzi ndi mpweya popanga chakudya. Mpunga umene timadya ndi chakudya chimene maselo amenewa anasunga.

Wogulitsa nsalu amene anayang'ana m'madzi a m'nyanja

Ana amakonda nkhani, ndipo mbiri ya selo ndi nkhani yabwino. Mu 1665 Mngelezi wina, Robert Hooke, anaika kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Anaona timabokosi tondondozana ngati tizipinda, ndipo dzina loti selo linachokera pamenepo, ku mawu a Chilatini otanthauza kachipinda.

Koma amene ana a kunyanja angamukonde kwambiri ndi Antonie van Leeuwenhoek wa mumzinda wa Delft ku Netherlands. Ameneyu sanapite ku yunivesite, anali wogulitsa nsalu. Ankadzipangira yekha timagalasi tating'onoting'ono, ndipo mu 1674 anatunga madzi m'kanyanja kena pafupi ndi kwawo n'kuwayang'ana. Anaona tamoyo tikusambira, tina tikuzungulira, tina tikuthamanga. Poyamba akatswiri a ku London anakayikira, mpaka ena atadzionera okha. Panapita zaka zoposa 160 kuti Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann a ku Germany, mu 1838 ndi 1839, anene poyera kuti zomera ndi nyama zonse zinamangidwa ndi maselo. Mu 1855 Rudolf Virchow anatsindika kuti selo lililonse limachokera ku selo linzake.

Phunziro lake kwa mwana ndi lakuti sayansi inayambira pa munthu wachidwi ndi kagalasi kamodzi, osati pa nyumba yokhala ndi magetsi.

Sandutsani foni kukhala galasi lokulitsa

Dontho la madzi limapinda kuwala monga mmene galasi lokulitsa limachitira. Gonekani foni chagada patebulo, tsegulani kamera ya kutsogolo ija timajambulira selfie, ndipo ikani kadontho kamodzi kakang'ono ka madzi oyera pakamerapo pogwiritsa ntchito nsonga ya kamtengo ka machesi. Kadonthoko kakachepa ndiye kamakulitsa kwambiri. Ngati mukuopa kuti madzi alowa m'foni, yambani mwaphimba kamerayo ndi kapulasitiki koonekera bwino, ndipo musalole madzi kufika pa sipika. Mukamaliza pukutani.

Yambani ndi zosavuta: nsalu ya chitenje, mchenga wa kunyanja, mamba a nsomba, phiko la ntchentche. Chinthucho chigwireni pamwamba pa dontho, pafupi kwambiri koma osakhudza, n'kumachisuntha pang'onopang'ono mpaka chioneke bwino.

Kenako tengani anyezi, makamaka wofiira. Thyolani chigawo chimodzi n'kusenda kakhungu kopyapyala ngati pepala la pulasitiki. Kayaleni pakapulasitiki koonekera, kuwala kwa dzuwa kapena kwa tochi kudutse kuchokera kumbuyo. Pamafunika kudekha, ife tinayesa kangapo chithunzi chikungotuluka chimbuuzi. Koma chitakhazikika, tinaona mizere ya timabokosi totalika pang'ono, tondondozana ngati khoma la njerwa. Maselo a anyezi ndi aakulu poyerekeza ndi ambiri: atatu kapena anayi akhoza kukwana mu milimita imodzi m'litali.

Mwana uja anakhala chete kanthawi, kenako anakuwa: “Agogo, bwerani mudzaone, anyezi ali ndi zipinda!” Agogo anabwera akupukuta m'manja, anasuzumira, n'kungoti, “Ha! Zaka zonsezi ndakhala ndikudula nyumba za eni.”

Tinene zoona: dontho la madzi silingakuonetseni maselo a magazi kapena bakiteriya, amenewo ndi ang'ono kwambiri. Ndipo chonde musabaye mwana kapena kudzibaya nokha kuti muone magazi. Kwa amene angafune kupitirira apo, kuli maikulosikopu ya pepala yotchedwa Foldscope, imene Manu Prakash ndi Jim Cybulski a pa yunivesite ya Stanford ku America anaitulutsa mu 2014. Imapindidwa kuchokera papepala lolimba, ili ndi kagalasi kamodzi kokulitsa zinthu ka 140, ndipo imatha kulumikizidwa ku kamera ya foni. Ndi mphatso yabwino kupempha kwa m'bale amene ali kunja, m'malo mwa nsapato zina.

Agogo ndi akatswiri a maselo osadziwa

Phunziro lina lili m'khitchini. Dulani tomato kapena nkhaka, thirani mchere, dikirani mphindi khumi. M'mbale mudzaza madzi. Achokera kuti? Mchere wakoka madzi kuchokera m'kati mwa maselo kudzera pakachikopa kaja. N'chifukwa chake nsomba yothiridwa mchere kapena usipa woyanikidwa padzuwa suola msanga: tizilombo toolesa nato ndi maselo, ndipo popanda madzi sitingachulukane.

Nanga bwanji anyezi amatiliza? Mpeni ukaphwanya maselo, zinthu ziwiri zimene zinali m'malo osiyana zimakumana n'kupanga mpweya woyabwa m'maso.

Chinangwa, chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku kuno, chimachita zofanana koma zoopsa kuposa apo. M'maselo a chinangwa chowawa muli mankhwala achilengedwe otchedwa linamarin, ndipo chinthu chimene chimawasandutsa poizoni wa cyanide chimasungidwa pena m'selo lomwelo. Amayi akasenda chinangwa n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, maselo amaphwasuka, ziwirizo zimakumana, poizoniyo amatuluka n'kupita ndi madzi, wotsala amauluka poyanika padzuwa. Ufa wa kondowole umakhala wabwino chifukwa cha masiku amenewo. Mu 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu ankadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, ndipo ambiri, makamaka amayi ndi ana, anapuwala miyendo ndi matenda otchedwa konzo. Choncho agogo akamati chinangwa sichinafike, tisawapupulumitse. Akutsatira sayansi yeniyeni, ngakhale mawu oti selo sanawamvepo.

Tsopano, magazi aja anapita kuti?

Mwana akaona maselo a anyezi ndi maso ake, zotsalazo amakhulupirira mosavuta. Magazi si madzi ofiira chabe. Ndi madzi achikasu pang'ono momwe mukuyandama maselo. Ofiira amanyamula mpweya kuchokera m'mapapo kupita thupi lonse, oyera ndi asilikali olimbana ndi matenda. M'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa pini muli maselo ofiira pafupifupi 5 miliyoni. Timadontho tinayi totere tili ndi maselo ochuluka kuposa anthu 17.5 miliyoni amene anawerengedwa m'Malawi muno pakalembera wa 2018. Selo lofiira limakhala moyo masiku pafupifupi 120, ndipo m'kati mwa mafupa mumapangidwa ena atsopano oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse.

Kachilombo ka malungo nako ndi selo limodzi. Dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, anakaona koyamba m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndipo mu 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Udzudzu ukakuluma, tizilomboti timapita kaye kuchiwindi kumene timachulukana kwa sabata imodzi kapena kuposerapo iwe osamva kanthu. Kenako timalowa m'maselo ofiira, timadya za m'kati, timaswana, mpaka selolo kuphulika. Totulukamo timalowa m'maselo ena, ndipo zimenezi zimabwerezeka pafupifupi masiku awiri alionse. Kuphulika kumeneku ndiko kumabweretsa kutentha thupi ndi kunjenjemera. Kapamba nayenso amachotsa maselo owonongeka. Maselo ofiira akamatha msanga kuposa mmene mafupa akupangira atsopano, zikhatho zimayera, mwana amafooka, ndipo namwino amati magazi achepa.

Nditamufotokozera zimenezi, mwana uja anafunsa funso lachiwiri: “Ndiye n'chifukwa chake amati LA ndimalize ngakhale ndachira?” Eya basi. Ukasiyira panjira masiku atatu aja asanakwane, tizilombo totsala timayambiranso kuswana. Neti yogonamo nayo inasiya kukhala lamulo la amayi chabe, inakhala mpanda wotchinga maselo ake. Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu Epulo 2019, lisanatsatiridwe ndi Ghana ndi Kenya. Katemerayo ntchito yake ndi kuphunzitsa maselo oyera kuti amudziwe mdani asanafike.

Zimene zili pachiswe

Kuno kunyanja, kudziwa maselo si nkhani ya mayeso okha. Likodzo limabwera ndi nyongolotsi zing'onozing'ono zimene Theodor Bilharz anazipeza ku Cairo mu 1851. Mazira ake amatuluka ndi mkodzo wa wodwala, amaswera m'madzi, tiana take timalowa mu nkhono, ndipo tikatulukamo timaboola khungu la amene akusamba kapena kuchapa m'madzi odekha a m'mabango, monga m'mbali mwa Chia. Magazi a mumkodzo amabwera chifukwa mazirawo amavulaza maselo a chikhodzodzo. Mnyamata wodziwa izi sanganene kuti kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula, ndipo sangathawe tsiku limene azaumoyo abwera kusukulu ndi mapiritsi a praziquantel.

Kolera amene anavuta kuyambira mu Marichi 2022 mpaka 2023, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, amayamba ndi bakiteriya wa selo limodzi. Poizoni wake amachititsa maselo a m'matumbo kutaya madzi ndi mchere mosalekeza. Madzi a Thanzi amapulumutsa chifukwa shuga ndi mchere zikalowera limodzi m'maselo omwewo, zimakoka madzi kubwerera m'thupi. Ndi phunziro la tomato ndi mchere lija, koma pano likupulumutsa moyo.

Palinso matenda a sickle cell, amene mwana amabadwa nawo akatengera kwa bambo ndi mayi omwe. Maselo ake ofiira amapindika ngati mwezi wongooneka kumene, amatsekereza timitsempha, ndipo amafa msanga. Mwanayo amamva ululu m'mafupa, amatupa manja ndi mapazi, magazi amamuthera pafupipafupi. Makolo onse awiri akakhala onyamula chabe, iwo osadwala, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. M'midzi yathu mwana wotere akamadwaladwala, kawirikawiri chala chimaloza gogo wina wosalakwa kuti akumumwa magazi. Banja lokhala ndi munthu mmodzi yekha wodziwa za maselo likhoza kupita kuchipatala kukayezetsa m'malo mokathamangitsa nkhalamba pamudzi.

Mmene mungayambire sabata ino

Simukusowa digiri. Sankhani chinthu chimodzi patsiku, mphindi khumi ndi zisanu zakwana. Lankhulani m'Chichewa kaye, mawu a Chingerezi a m'kalasi abwere pambuyo mwana atamvetsa. Muloleni agwire yekha, ajambule m'kope zimene waona osati zimene zili m'buku. Dothi la kudambo likhoza kuumbidwa kukhala selo: mbale yaing'ono ngati kachikopa, mwala pakati ngati nyukiliyasi, timasamba ngati timatumba tobiriwira. Akafunsa funso lokuposani, nenani kuti tiyeni tifufuze limodzi, bando ya intaneti igwireko ntchito ina kupatula TikTok. Chithunzi chikatuluka bwino, tumizirani aphunzitsi ake kapena gulu la makolo pa WhatsApp. Foni imodzi ikhoza kuzungulira kalasi yonse.

Sabata yatha ndinamupeza mwana uja pansi pa mtengo wa mango ali ndi anzake anayi, foni ya mayi ake ili patebulo, anyezi ali m'manja. Kamnyamata kena kankakana kuti m'madzi oyera mungakhale zamoyo. Iye anangokauza kuti, “Iwenso anyezi unkati alibe zipinda. Bwera uone kaye.” Madzulo ake, mphepo ya mwera itayamba kuwomba kuchokera kunyanja, ndinamuona akukunga yekha neti yake, osadikira kuti amayi ake amukumbutse.